Ndikanyamula wovulala pa ngozi n'kundifera m'galimoto, mlandu ndi wanga?

Funso: Ndine dalaivala wa lole yaing'ono, ndimanyamula katundu wa anthu pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Mwezi watha, kunja kutada, tinapeza wakabaza wa njinga yamoto ali thasa m'mphepete mwa msewu wa M1, magazi ali chuchuchu pamwendo. Amene anamugunda anali atathawa. Anthu anali ataunjikana, ena akujambula ndi mafoni, koma panalibe womukhudza. Ndinafuna kumukweza, koma mnyamata amene ndimayenda naye anati, "Abwana, chifundo chinapha nkhwali. Akafera m'galimoto muno, apolisi ati mwamugunda ndinu." Tinapitirira. Mpaka lero mtima sukukhala pansi. Kodi ndinaswa lamulo? Nanga ndikanamunyamula n'kundifera m'njira, akanandimanga?

Yankho: Bambo, pa funso loyamba, ayi. Poti si inu munamugunda, simunaswe lamulo la Malawi popitirira. Pa lachiwiri, munthu amene wanyamula wovulala pofuna kumupulumutsa, n'kuchita zimene aliyense wanzeru zake akanachita pamalopo, alibe mlandu ngakhale wovulalayo atatsirizika asanafike kuchipatala. Komatu mnyamata wanuyo sanalankhule zamisala. Chimene ankaopacho chilipodi, kungoti m'buku la malamulo mulibe. Chimapezeka pa kauntala ya kupolisi ndi pakhomo la chipatala, ndipo ndikhalitsa pamenepo ndikamaliza za malamulo enieniwo.

Malamulo athu ambiri tinatengera ku England nthawi ya atsamunda, ndipo makhothi athu amatsatirabe kaganizidwe ka kumeneko pa nkhani ngati iyi. Kaganizidweko n'kakuti boma limalanga munthu chifukwa cha choipa chimene wachita, osati chabwino chimene walephera kuchitira munthu wosamudziwa. M'chaka cha 1970 woweruza wina wa bwalo lalikulu la ku Britain, Lord Diplock, ananena poyera kuti wansembe ndi Mlevi aja amene analambalala munthu wovulazidwa ndi achifwamba pa njira ya ku Yeriko sakanapezeka ndi mlandu m'malamulo a ku England. Ndi mmene zililinso kuno. Chikumbumtima chikhoza kukusowetsani tulo, koma majisitireti alibe pokugwirani.

Izi sizikutanthauza kuti aliyense ali ndi ufulu wodutsa. Alipo anthu amene lamulo lathu limawamanga miyendo kuti asachoke pamalopo.

Woyamba ndi dalaivala amene galimoto yake yakhudzidwa ndi ngoziyo. Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act ya 1997, limamulamula kuti aime nthawi yomweyo, aone ngati pali wovulala, amuthandize mmene angathere, ndipo akanene kupolisi. Amene anagunda wakabaza uja n'kuthawa ali ndi mlandu wothawawo, kuwonjezera pa mlandu wa kayendetsedwe kake. Madalaivala anzanu akuuzani kuti amathawa poopa kumenyedwa kapena kuwotcheredwa galimoto ndi anthu olusa, ndipo nkhani za anthu otengera lamulo m'manja timazimva ndithu. Zikafika poti moyo wanu uli pachiswe, chokanipo, koma ulendo wake ukhale wolunjika ku polisi ya pafupi kapena pa rodibuloko yoyamba, mukanene kuti kumbuyoku kuli munthu wovulala. Wopita kupolisi ali ndi chonena pamaso pa khothi. Wokabisa galimoto ku galaja kuti aiwongole alibe.

Achiwiri ndi amene ali ndi udindo wosamalira munthu wina. Mu Penal Code yathu, lamulo lalikulu la milandu ndi zilango zake, muli mutu wonse wonena za udindo woteteza moyo ndi thanzi. Kholo kwa mwana wake, munthu amene akusunga wodwala, wokalamba kapena womangidwa amene sangathe kudzithandiza yekha, onsewa akalekerera munthuyo n'kufa, imfayo imawerengedwa pamutu pawo. Mayi woyandikana naye nyumba akhoza kungoyang'ana mwana akudwalika osapalamula mlandu wa kupha, koma bambo ake a mwanayo sangatero.

Wachitatu ndi amene wayambitsa yekha choopsacho, ngakhale mosafuna. Mlandu wotchuka pa mfundoyi ndi wa Miller, umene unagamulidwa ku England mu 1983. Munthuyo anagona ndudu ili kumoto, atadzidzimuka anapeza matiresi akufuka, ndipo m'malo mozimitsa anangosamukira chipinda china n'kupitiriza tulo. Nyumba inapsa ndipo khothi linamupeza wolakwa, osati chifukwa chogwetsa ndudu koma chifukwa choona moto umene anayambitsa yekha n'kuusiya. Kwa inu a malole, taganizirani thumba la simenti kapena chitsulo chogwa pa galimoto yanu usiku. Wanjinga akadzigunda pamenepo, simulinso munthu wongodutsa.

Palinso malamulo awiri amene amakhudza munthu wamba woonerera, ndipo ambiri sawadziwa. Lamulo loteteza ana la 2010, Child Care, Protection and Justice Act, limalamula munthu wa m'dera amene ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti mwana akuzunzidwa, wavulazidwa kapena watayidwa kuti akanene kwa mfumu, apolisi kapena a zosamalira anthu. Nambala yaulere ya 116 ndi ya nkhani zoterezi. Penal Code nayo ili ndi mlandu wa munthu amene akudziwa kuti wina akukonza kapena akuchita mlandu waukulu, iye osachitapo chimene angathe kuti aletse. Sikuti mudziponye pakati pa zikwanje ayi. Kuimbira apolisi, kukuwa, kuthamangira kwa amfumu, zimenezo n'zimene munthu angathe.

M'mayiko ena a ku Ulaya zinthu n'zosiyana kwambiri. Ku France, kusathandiza munthu amene ali pangozi pamene ukanatha kutero popanda kuika moyo wako pachiswe ndi mlandu wa zaka 5 kundende ndi chindapusa cha mayuro 75,000. Princess Diana atachita ngozi mu Paris mu 1997, atolankhani ojambula amene anali pamalopo anafufuzidwa pa mlandu umenewu, ngakhale pamapeto pake sanazengedwe. Ku Germany chilango chake chimafika chaka chimodzi kapena chindapusa, ndipo amazengadi. Mu 2016 mumzinda wa Essen, gogo wina wa zaka zoposa 80 anagwa m'chipinda cha makina otapira ndalama pa banki. Kamera inajambula anthu akumulumpha ndi kumulambalala, kukatapa ndalama zawo n'kutuluka. Gogoyo anamwalira patapita masiku, ndipo mu 2017 atatu mwa anthuwo analipitsidwa mayuro pakati pa 2,400 ndi 3,600. Iwo anati ankayesa ndi munthu wosowa pokhala amene wangogona. Khothi silinamve zimenezo. Koma dziko lomwelo limene limakakamiza anthu kuthandiza limawatchinjirizanso. Sungatenge laisensi yoyendetsa galimoto usanaphunzire thandizo loyamba, wothandiza akavulala populumutsa mnzake amalipiridwa ndi inshulansi ya boma, ndipo sangasumiridwe pokhapokha atachita dala kapena mosasamala mopyola muyeso.

Tsopano za kuno, munthu akaima n'kuthandiza.

Malawi ilibe lamulo lapadera lolembedwa loteteza "Msamariya wachifundo" monga aliri m'mayiko ena. Chitetezo chilipo, koma n'chomwazikana. Kuti munthu apezeke ndi mlandu wa kupha, boma liyenera kuonetsa kuti chimene iye anachita ndicho chinabweretsa imfayo, komanso kuti anachita mosemphana ndi lamulo kapena mosasamala koopsa. Wakabaza amene wataya magazi chifukwa chogundidwa ndi galimoto ina waphedwa ndi kugundidwako, osati ndi lole imene imamuthamangitsira kuchipatala. Penal Code imanenanso kuti aliyense wopereka chithandizo cha mankhwala kapena cha opaleshoni ayenera kukhala ndi luso loyenera, koma pomwepo imapatula nthawi ya ngozi pamene palibenso kuchitira mwina. Olemba lamulolo ankadziwa kuti pa ngozi woyamba kufika sakhala dokotala.

Pa milandu ya chipukuta misozi muyeso wake ndi wakuti, kodi munthu wanzeru zake, wodziwa zimene inu mukudziwa, pa mdima ndi chipwirikiti chomwecho, akanachita zotani? Khothi silikuyezani ndi muyeso wa namwino. Munthu amene wathyola nthiti ya wina pomusindikiza pachifuwa kuti mtima uyambenso kugunda sanalakwe, nthiti zimathyoka ngakhale m'manja mwa madokotala. Wokomoka sangavomere kapena kukana, choncho lamulo limalola kumuthandiza popanda chilolezo. Koma wamkulu amene ali maso, mutu ukugwira, akanena kuti musamukhudze, musamukakamize. Muitanireni thandizo, khalani naye pafupi.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchigwiritse. Mukangomukweza m'galimoto, mwasenza udindo. Simungafike naye pakati pa njira, mantha n'kukugwirani, n'kumutsitsa pamalo a zii pamene palibe womuona. Pamenepo mwamuchotsa pamaso pa anthu ena amene akanamuthandiza n'kumusiya pamalo oipa kuposa pamene munamupeza, ndipo mlandu ukhoza kukugwerani. Mukayamba, mufikitseni m'manja mwa achipatala kapena apolisi.

Mantha osumiridwa ndi aakulu m'mayiko ena kuposa kuno, ndipo ndiwo anabala malamulo a Msamariya. Boma la California ku America ndilo linayamba mu 1959. Koma mu 2008 khothi lalikulu la kumeneko linalola kuti mayi wina amene anakoka mnzake m'galimoto itachita ngozi asumiridwe ndi mnzakeyo. Wokokayo ankaopa kuti galimotoyo iphulika, mnzakeyo anapuwala, ndipo oweruza anati lamulolo limateteza chithandizo cha zaumoyo chokha, osati kukoka munthu. Aphungu a kumeneko anakonza lamulolo chaka chotsatira. Ku China, anthu anayamba kuopa kudzutsa wogwa mumsewu khothi lina la ku Nanjing litalamula mnyamata kulipira gogo amene iye ankati anangomuthandiza. Mu 2011 kamtsikana ka zaka ziwiri kanagundidwa ndi galimoto ziwiri mumzinda wa Foshan, anthu 18 n'kukadutsa, mpaka mayi wina wotola zinyalala anakanyamula. Kanamwalira. Kuyambira 2017 lamulo la dzikolo limati wothandiza mwa kufuna kwake pa ngozi salipira kanthu ngakhale wothandizidwayo atapwetekeka.

Koma dziko limene vuto lake likufanana ndi lathu ndi India. Kumeneko anthu sankaopa kwenikweni maloya. Ankaopa zomwe anaopa mnyamata wanu: kusungidwa kupolisi, kufunsidwa mafunso ngati wakuba, kuuzidwa kuchipatala kuti ulipire kapena udikire apolisi, ndi kuyenda kukhothi zaka ngati mboni. Mu 1989 Bwalo Lalikulu la dzikolo linamva za munthu wa njinga yamoto amene wodutsa wina anamutengera ku chipatala cha pafupi, achipatala n'kumubweza kuti apite ku china cha kutali chololedwa kuona milandu ya apolisi. Anafera m'njira. Pa mlandu umenewo, wa Parmanand Katara, oweruza analamula kuti dokotala aliyense ayambe wapulumutsa moyo, za mapepala zibwere pambuyo. Mu March 2016, bungwe la SaveLIFE Foundation litadandaula, bwalo lomwelo linakhazikitsa ndondomeko zoteteza wothandiza, ndipo mu 2019 zinalowa m'lamulo la pamsewu. Wobweretsa wovulala sakakamizidwa kutchula dzina lake. Achipatala samusunga kapena kumulipiritsa. Akavomera yekha kukhala mboni, amafunsidwa kamodzi, pa nthawi ndi malo omukomera iye.

Maganizo anga ndi akuti ili ndilo lamulo limene Nyumba ya Malamulo yathu iyenera kukhazikitsa, osati la ku France. Sichingakhale chilungamo kumanga munthu chifukwa chodutsa pamene amene waima tikumugoneka pa benchi ya kupolisi, katundu wa kasitomala ali panja, tsiku lake la ntchito litapita. Tiyambe tachotsa chimene chikuopsa anthu. Amalawi si ouma mtima. Pa maliro, pa moto, pa madzi osefukira timathamanga tonse. Chimene chimaimitsa manja pa ngozi ya pamsewu ndi mawu aja akuti "ukagwa nazo", ndipo mawuwo anthu sanawatole m'mwamba, alipo amene zinawachitikira. Anzathu a ku South Africa ndi ku Zimbabwe analemba m'malamulo oyendetsera dziko kuti munthu asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi kuchipatala. Athu a 1994 amateteza ufulu wokhala ndi moyo mu gawo 16, koma mawu achindunji oterowo mulibe, ndipo akanathandiza.

Pakadali pano, dziwani pamene mwaima. Apolisi ali ndi ntchito yofufuza imfa ndi ngozi, ndiye kukufunsani mafunso si kukuzunzani. Munthu wafika ndi wovulala kapena mtembo, ayenera kufunsidwa kuti wamutenga kuti. Kupereka sitetimenti si kumangidwa. Musasaine pepala limene simunawerenge kapena kuwerengeredwa m'chilankhulo chimene mukumva. Zikatembenuka n'kuyamba kukutengani ngati woganiziridwa, gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko limakupatsani ufulu wouzidwa chifukwa chimene akukusungirani, wokhala chete, wolankhula ndi loya, komanso wofikitsidwa kukhothi pasanathe maola 48. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Ndipo kumbukirani kuti galimoto imene yagunda njinga yamoto simabisika. Pamakhala kuphwanyika, penti yosupuka, magalasi osweka otsala pamsewu. Lole yanu ikakhala yosalala kutsogolo ndi m'mbali, imeneyo ndi mboni yanu yoyamba. Mukadzalandira samani yoti mukachitire umboni kukhothi, pitani, poti kukana samani ndi mlandu pawokha.

Tsiku lina mukadzapezanso ngozi, mphindi ziwiri zoyambirira zikhoza kukuchotserani mavuto onsewa. Imikani galimoto pambali, yatsani mahazadi, ikani matrayango kuti inunso musagundidwe. Musanakhudze munthu, mnyamata wanu ajambule malowo: pamene pagona wovulala, pamene pali njinga, ndi kutsogolo kwa lole yanu. Foni imalemba yokha nthawi. Anthu aja ojambula, m'malo mowakalipira, apatseni ntchito. Lozani mmodzi, "Inu achimwene a malaya ofiira, imbirani apolisi." Tengani manambala a anthu awiri amene anafika inu musanafike. Pemphani mmodzi wa pamudzipo, makamaka womudziwa wovulalayo kapena wa komiti ya chitetezo cha m'mudzi, kuti akwere nanu. Gulu likangouzidwa kuti "thandizani" aliyense amayang'ana mnzake, koma munthu mmodzi akalozedwa amasuntha.

Pa thupi la wovulalayo, chimene chikanapha wakabaza uja msanga ndi magazi. Valani majumbo m'manja ngati mulibe magolovesi, pindani chitenje kapena malaya, sindikizani pabalapo mwamphamvu osasiya. Nsalu ikanyowa musaichotse, sanjikani ina pamwamba. Musamumwetse madzi kapena chakumwa chilichonse ngakhale akupempha, chifukwa akhoza kutsamwa ndipo mwina akufunika opaleshoni. Chipewa cha njinga musachivule pokhapokha chikumulepheretsa kupuma. Ngati wakomoka koma akupuma, m'gonekeni cham'mbali kuti masanzi asamutseke kukhosi, wina atagwira mutu kuti usapotoke.

Kunyamula ndiko kumafuna nzeru. M'mayiko amene ambulansi imafika msanga amaphunzitsa kuti wovulala asasunthidwe. Kuno, pa mitunda yambiri ya M1 usiku, kudikira ambulansi kukhoza kukhala kudikira imfa, ndipo khothi limaona mmene zinthu zilili pamalopo. Chofunika ndi kanyamulidwe. Kumugwira wina miyendo wina manja ali lendelende ndiko kumapuwalitsa munthu wothyoka msana. Funani thabwa, chitseko kapena bulangeti lokokedwa mwamphamvu ndi anthu anayi kapena asanu, mmodzi agwire mutu ndi khosi kuti zikhale mzere umodzi ndi thupi, mumugoneke chathyathyathya kumbuyo kwa lole. Yendetsani mosathamanga mopenga. Mukachita ngozi ina pothamangira kuchipatala, mlandu wa ngozi imeneyo ndi wanu ndithu, chifundo sichikuchotserani.

Mukafika kuchipatala, nenani kumene mwamupeza, nthawi yake ndi zimene mwachita. Wina akati abwere kaye ndi kalata ya kupolisi, pemphani mwaulemu kuonana ndi dokotala kapena namwino wamkulu amene ali pa ntchito. Kalatayo ndi ya mlandu ndi inshulansi, ikhoza kubwera munthu atathandizidwa kale. Ngati ndi chipatala cholipira, kubweretsa wodwala sikukupangani kukhala wolipira bilu, pokhapokha mutasaina nokha kuti mulipira, ndiye onetsetsani chimene mukusaina. Magazi ake akakhudza bala lanu, m'maso kapena m'kamwa, auzeni achipatala usiku womwewo. Mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Kenako pitani nokha kupolisi mukanene, musadikire kuti akufuneni.

A Malawi Red Cross Society ndi a St John Ambulance amaphunzitsa thandizo loyamba, ndipo kwa munthu amene amakhalira pamsewu ngati inu maphunzirowo ndi ofunika ngati tayala la sipeya. Mutengenso mnyamatayo.

Kwa abale amene akuwerenga ali kunja, ku South Africa nakonso kulibe lamulo lokakamiza wodutsa kuthandiza, koma dalaivala wokhudzidwa ndi ngozi ayenera kuima, kuthandiza ndi kukanena kupolisi pasanathe maola 24. Makhothi a kumeneko, kuyambira pa mlandu wa Ewels mu 1975 pamene apolisi anangoonerera munthu akumenyedwa pa siteshoni yawo, amatha kulipiritsa amene anali ndi udindo wochitapo kanthu koma anangokhala. Nambala ya 112 yoitanira thandizo la mwadzidzidzi imagwira pa foni ya m'manja iliyonse. Ku England ndi Wales lamulo la 2015 limauza oweruza kuti munthu akasumiridwa, aganizire ngati ankachita zopulumutsa mnzake pa ngozi, ndipo woyankha pa 999, nambala yoitanira thandizo la mwadzidzidzi, amakuuzani chochita mpaka ambulansi ifike. Amene mukugwira ntchito yosamalira okalamba kumeneko, dziwani kuti muli pa ntchito simuli wodutsa. Munthu amene mukumusamalira akagwa kapena kukomoka, udindo woitana thandizo ndi wanu, ndipo kuchedwa kukhoza kukuchotsetsani ntchito ndi kukufikitsani kukhothi.